Kalata Yotseguka kwa Atsogoleri a SADC ndi African Union pa za Nkhondo ya Kum'mawa kwa Congo

Olemekezeka,

Ndikulemberani kalata ino ndi ulemu wonse woyenera maudindo anu, pa nkhani ya nkhondo ya kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, imene yakhala ikuzirala n'kubukanso kwa zaka pafupifupi 30 tsopano. Ndine Mmalawi wamba wopanda mpando uliwonse, koma nkhondo imeneyi si yachilendo kwa ife kuno, pakuti asilikali athu anafera kumeneko mu 2018 komanso mu 2025, ndipo anthu ochuluka amene anaithawa akukhala pakati pathu ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Chimene chandikakamiza kulemba n'chakuti nthawi zonse pangano la mtendere likasweka, mumatiuza kuti omenyanawo sanasunge mawu awo, ngati kuti inuyo amkhalapakati mulibe gawo pa kulepherako. Ine ndikuona kuti mapangano ambiri a ku Congo anali atasweka kale tsiku limene ankasayinidwa, chifukwa cha anthu amene munawaitana, mphotho zimene munawalonjeza, ndi nkhani zimene munagwirizana kuti musazikhudze.

Mapanganowo ndi ochuluka moti munthu atha kusokonezeka powawerenga. Mu Julayi 1999 ku Lusaka, malemu Frederick Chiluba anasonkhanitsa mayiko amene ankamenyanira m'dziko la Congo, Rwanda ndi Uganda mbali ina, Zimbabwe, Angola ndi Namibia kumbali ya boma la Laurent-Désiré Kabila, ndipo anasayinira zoleka kumenyana. Chaka chomwecho bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu losungitsa mtendere la MONUC, limene mu 2010 linasinthidwa n'kukhala MONUSCO. Mu 2002 kunali zokambirana za ku Sun City zotsogoleredwa ndi malemu Ketumile Masire, zimene zinabala pangano la ku Pretoria. Mu Januwale 2008 kunali msonkhano wa ku Goma, pa 23 Malichi 2009 kunasayinidwa pangano lina, mu Febuluwale 2013 mayiko 11 anagwirizana mfundo ku Addis Ababa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho kunatuluka zikalata za ku Nairobi. Kuyambira 2022 tamva za Luanda, za Nairobi kachiwiri, za Dar es Salaam, za Doha ndi za Washington. Pa 4 Disembala 2025 a Félix Tshisekedi a ku Congo ndi a Paul Kagame a ku Rwanda anasayinira pangano ku Washington pamaso pa a Donald Trump, ndipo sabata isanathe zigawenga za M23 zinali zitalowa mumzinda wa Uvira.

Ndiyambe ndi chizolowezi chanu chogula mtendere ndi maudindo, chifukwa ndi chimene chawononga kwambiri. Pangano la ku Pretoria linasiya a Joseph Kabila pampando n'kuwapatsa achiwiri anayi, ndipo awiri mwa iwo, a Jean-Pierre Bemba ndi a Azarias Ruberwa, anali atsogoleri a magulu amene ankamenyana ndi boma. Sindikukana kuti njira imeneyi inathetsa nkhondo yaikulu ija ndi kutsegula mpata wa chisankho cha 2006, ndipo aliyense amene akukumbukira imfa za zaka zimenezo sangapepuse zimenezi. Koma phunziro limene linatsala m'mapiri a Kivu ndi lakuti njira yachidule yopezera mpando ku Kinshasa, kapena nyenyezi paphewa, ndi kutenga mfuti, kulanda dera, kenako n'kudikira amkhalapakati. Laurent Nkunda anakana kuchoka ku Kivu n'kuyambitsa gulu la CNDP. Iye atamangidwa ku Rwanda mu Januwale 2009, wachiwiri wake Bosco Ntaganda, munthu amene khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague linali litatulutsa kale chikalata chomumangira, analandiridwa m'gulu la asilikali a boma monga jenerale. Anyamata ake anangosintha yunifolomu, koma anakhalabe m'madera omwewo, pansi pa akuluakulu omwewo, akuyang'anira misewu ndi migodi yomweyo. Mu Epulo 2012, boma litayamba kulankhula zowasamutsa ndi zomumanga Ntaganda, anagalukira n'kudzitcha M23 potengera tsiku la pangano la pa 23 Malichi lija, ndipo pofika Novembala anali atalanda Goma asilikali a MONUSCO ali pomwepo.

Ndikufunseni, olemekezeka: mnyamata wa ku Masisi kapena ku Rutshuru amene wakula akuona zimenezi, waphunzirapo chiyani? Waona kuti mphunzitsi amene anapirira osalandira malipiro sanaitanidwe ku msonkhano uliwonse, mlimi amene analandidwa ng'ombe sanafunsidwe kanthu, koma amene anawotcha midzi anakwezedwa ndege kupita kuhotela ndipo anabwerako ndi udindo. Lero kum'mawa kwa Congo kuli magulu a zida opitirira 100, ndipo sitingadabwe nazo. Lipoti la United Nations la mu 2010 linalemba zochitika 617 za nkhanza zoopsa zimene zinachitika m'dzikomo pakati pa 1993 ndi 2003, ndipo dokotala Denis Mukwege wa chipatala cha Panzi ku Bukavu, amene wakhala akusoka matupi a amayi ogwiriridwa kwa zaka zambiri, wakhala akupempha kuti pakhazikitsidwe bwalo loweruza milanduyi. Mpaka lero bwalolo kulibe. Ngakhale Ntaganda, amene anapatsidwa chilango cha zaka 30 mu 2019, anafika kukhoti chifukwa chakuti anadzipereka yekha ku ofesi ya kazembe wa America ku Kigali mu 2013 atagonja pa mkangano wa mkati mwa gulu lake, osati chifukwa chakuti pangano lina lililonse linamuthamangitsa.

Kwathu kuno, mfumu ikamaweruza mlandu wa malo umene wafika pokhetsa magazi, siitana okhawo amene anasolola zikwanje n'kuwagawira munda kuti akhale chete. Imaitana akuluakulu odziwa malire, eni mbumba, mboni, ndi amasiye a wophedwayo, ndipo imapita kukaponda pamalopo. Mfumu yoweruza mwa njira inayo aliyense angaiuze kuti mlanduwo udzabweranso mvula ikangoyamba. Komatu umu ndi mmene mwakhala mukuweruzira mlandu wa Kivu, umene pansi pake pali nkhani ya malo ndi unzika.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa M23. Anthu ena olankhula Kinyarwanda anali kale m'madera amenewa malire a atsamunda asanalembedwe, ndipo ena ambiri anasamutsidwira ku Masisi ndi atsamunda a ku Belgium kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu. Boma la Mobutu linawapatsa unzika ndi lamulo la 1972, kenako n'kuwalanda ambiri a iwo ndi lamulo la 1981, ndipo funso lakuti mwini dziko ndani, mlendo ndani, linasanduka chida cha andale pa nthawi iliyonse ya chisankho. Mu 1993 anthu masauzande anaphedwa ku Masisi pa mkangano wa malo ndi ufumu pakati pa Ahunde ndi Anyanga mbali ina, ndi olankhula Kinyarwanda mbali inayo, ndipo apa n'kuti chiwembu chopulula Atutsi ku Rwanda chisanachitike. Chitachitika mu 1994, anthu opitirira miliyoni imodzi anawolokera ku Zaire, dzina la Congo pa nthawiyo, ndipo pakati pawo panali omwe anapha anzawo aja, ndi zida zawo. Gulu la FDLR limene lilipo mpaka lero linachokera mwa iwo. Atutsi a ku Congo ambiri anathawira ku Rwanda ndipo akhala m'misasa kuyambira zaka za m'ma 1990, minda yawo ikulimidwa ndi anthu ena, amene nawonso anathawa kwawo ndipo alibe kwina kopita. Wobwerera akafika, adzapeza munthu pamunda pake. Ndani adzaweruza, ndipo ndi lamulo liti, la mfumu kapena la chikalata cha boma chimene munthu wolemera anagula ku Kinshasa? Mapangano anu amatchula nkhani ya kubwerera kwa othawa nkhondo m'ndime imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuisiyira komiti imene ilibe ndalama ndipo siikumana. Chimene chimatenga miyezi yokambirana ndi chiwerengero cha maunduna ndi maudindo a usilikali.

Chinthu china chimene ndiyenera kuchinena mosapsatira ndi mantha anu otchula mnzanu dzina. Akatswiri a United Nations analemba mu 2012 kuti dziko la Rwanda likuthandiza M23, ndipo analembanso zomwezo gululi litadzukanso kumapeto kwa 2021. Mu 2024 anati asilikali a Rwanda apakati pa 3,000 ndi 4,000 anali m'dziko la Congo. Boma la Rwanda lakhala likukana, ndipo limanena kuti likudziteteza ku FDLR. Nkhawa imeneyi siyenera kunyozedwa ndi aliyense wokumbukira 1994, makamaka poti akatswiri omwewo analembanso kuti akuluakulu ena a asilikali a Congo akhala akugwirizana ndi FDLR. Koma nkhawa ya chitetezo siipatsa dziko ufulu wolanda mizinda ya mnzake. Pa msonkhano wanu wa ku Dar es Salaam pa 8 Febuluwale 2025, Goma itagwa kale, chikalata chanu chinalankhula za asilikali akunja osaitanidwa popanda kunena kuti ndi a dziko liti. Kodi mkhalapakati amene sangathe kutchula omenyana angawalekanitse bwanji?

Mbiri ikuonetsa kuti kulankhula molimba kumagwira ntchito kukatsagana ndi zochita. Mu 2012 mayiko monga America, Britain, Germany ndi Netherlands anaimitsa kapena kuchedwetsa thandizo lina ku Rwanda, ndipo M23 itapanikizidwa chaka chotsatira inapezeka yopanda woiteteza. Ulendo uno zinthu zinali zosiyana. Dziko la Britain linali litapangana ndi Rwanda mu 2022 zotumizako anthu ofuna malo othawirako, bungwe la European Union linkapereka ndalama zothandizira asilikali a Rwanda amene ali ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, ndipo mu Febuluwale 2024 linasayinirana ndi Rwanda mgwirizano wa za miyala ya m'migodi, nkhondo ili mkati. Aliyense anali ndi chake chofuna kuteteza. Mfundo ya nambala 2773 ya nthambi ya chitetezo ya United Nations, youza Rwanda kuti ichotse asilikali ake, inabwera mu Febuluwale 2025, Goma ndi Bukavu zitagwa kale, mitembo itakwiriridwa kale m'manda a anthu ambirimbiri.

Pali ndalama m'nkhondo imeneyi, ndipo pangano lililonse limene silisintha kayendedwe ka ndalamazo limangopempha anthu kuti asiye chuma mwa kufuna kwawo. Mu Epulo 2024 M23 inalanda Rubaya, kumene kumakumbidwa coltan, mwala wogwiritsidwa ntchito popanga mafoni ndi makompyuta, ndipo mkulu wa MONUSCO pa nthawiyo, mayi Bintou Keita, anauza nthambi ya chitetezo chaka chomwecho kuti gululi linkapeza ndalama pafupifupi madola 300,000 pamwezi kuchokera pamsonkho wa malonda a pamenepo. Golide wa ku Ituri ndi Kivu amatuluka mozembetsa kudzera ku Uganda, Rwanda ndi Burundi mpaka kukafika ku Dubai. Pansi penipeni pali zotchinga za pamsewu, pamene mayi wosenza makala kapena chinangwa amalipira kwa munthu wa mfuti, kaya ndi chigawenga kaya ndi msilikali wa boma. Kwa anthu otere, ndi kwa akuluakulu amene amalandira gawo lawo, mtendere ndi kutha kwa malonda. Zimandidetsa nkhawa kuti zokambirana za ku Washington zamangirira mtendere pa lonjezo la malonda a migodi ndi makampani a ku America, chifukwa zikhoza kungosintha wogula, wokumba ndi manja uja n'kukhalabe mmene analili, ndi munthu wa mfuti ataimirira pakhomo pa mgodi.

Boma la Kinshasa nalo lili ndi mlandu wake, ndipo inu a SADC mwakhala mukulilekerera chifukwa ndi membala mnzanu. Asilikali ake ndi ochuluka pamapepala, koma nkhani za malipiro obedwa ndi akuluakulu awo n'zodziwika, ndipo m'malo mokonza gulu lake lankhondo, bomali linapereka zida kwa magulu a m'midzi otchedwa Wazalendo n'kulemba ganyu asilikali a ku Romania, amene pafupifupi 300 anadzipereka ku Goma mu Januwale 2025 n'kubwerera kwawo kudzera ku Kigali. Zida zimene zagawidwa kwa Wazalendo zidzafuna pangano lawolawo mawa. Malonjezo a ku Nairobi a mu 2013, okhudza kukhululukira ndi kubweza kwawo asilikali a M23 amene anathawira ku Uganda ndi Rwanda, sanakwaniritsidwe mokwanira, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anakakamira kuti akwaniritsidwe. Lero mtsogoleri wa mgwirizano wa AFC, umene M23 ilimo, ndi a Corneille Nangaa, omwe aja anali mkulu wa bungwe la chisankho limene linalengeza a Tshisekedi kukhala opambana pa chisankho cha 2018. Zimenezi zokha zikusonyeza kuti nkhondo ya ku Kivu ndi ndale za ku Kinshasa n'zolumikizana, ngakhale kuti mumazikambirana ngati nkhani ziwiri.

Kuchuluka kwa amkhalapakati kwathandiza omenyana kuposa ozunzika. Ku Luanda a João Lourenço ankayanjanitsa maboma awiri, ku Nairobi a Uhuru Kenyatta ankakambirana ndi magulu a zida koma M23 ili kunja, ndipo aliyense wosakhutira ndi bwalo lina ankangosamukira ku linzake. Asilikali a East African Community anafika kumapeto kwa 2022, ndipo patangotha chaka a Tshisekedi anawauza kuti anyamuke chifukwa sankamenyana ndi M23, n'kuitana a SADC m'malo mwawo. Pa 18 Malichi 2025, tsiku limene boma la Congo ndi M23 zimayenera kukumana maso ndi maso ku Luanda koma M23 n'kukana kupita, a Tshisekedi ndi a Kagame anapezeka atakhala pamodzi ku Doha ndi mfumu ya Qatar. Patangopita masiku ochepa dziko la Angola linatula pansi udindo wa mkhalapakati, ndipo African Union inasankha a Faure Gnassingbé a ku Togo kuti ayambirenso. Mkhalapakati watsopano aliyense amafuna chithunzi chake cha kugwirana chanza, ndipo nthawi imene akuphunzira nkhaniyo, amene ali ndi mphamvu pabwalo la nkhondo akuwonjezera dera, akuika mafumu ake ndi kutolera misonkho.

Tsopano ndifike pa ana athu. Mu 2013 Malawi, Tanzania ndi South Africa anapereka asilikali ku gulu lapadera la United Nations limene linaloledwa kuthira nkhondo zigawenga, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho M23 inali itagonja. Asilikali anagwira ntchito yawo, n'kukupatsani inu andale zaka zisanu ndi zitatu zoti mukonze za malo, za unzika, za othawa nkhondo ndi za FDLR. Zaka zimenezo zinapita pachabe, maso a dziko lapansi atatembenukira kwina. Asilikali athu anakhalabe kumeneko, ndipo mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa pafupi ndi Beni pomenyana ndi gulu la zigawenga la ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo United Nations inamupatsa mendulo yaulemu ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Timanyadira kulimba mtima kwake, koma anthu a ku Beni anapitirira kuphedwa iye atapita, ndipo mu Julayi 2022 anthu a ku Goma ndi Butembo anachita zionetsero zothamangitsa MONUSCO, gulu limene linkadya ndalama zopitirira madola biliyoni imodzi pachaka, ponena kuti silikuwateteza.

Mu Disembala 2023 munatumizanso mayiko atatu omwewo pansi pa dzina la SAMIDRC, mukuganiza kuti za 2013 zichitikanso, pamene mdani anali atasintha kotheratu, ali ndi zida zamakono ndiponso dziko kumbuyo kwake. Munawatumiza kukathandiza mbali imodzi ya nkhondo, nthawi yomweyo mukudzitcha ofuna kuyanjanitsa, ndipo panalibe dongosolo la ndale limene mfuti zawo zinkateteza. Mu Januwale 2025 asilikali 14 a South Africa, atatu a Malawi ndi awiri a Tanzania anafa pa nkhondo ya ku Sake ndi Goma. Otsalawo anakhala miyezi m'misasa yawo atazunguliridwa, kulowa ndi kutuluka kwa chakudya kukudalira chilolezo cha omwe ankamenyana nawo. A Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, analamula mu Febuluwale kuti asilikali athu akonzekere kubwerera, pa 13 Malichi inu munathetsa ntchito ya gululi, ndipo anyamatawo anatuluka pamsewu kudzera m'dziko la Rwanda lomwelo. Sindinamvepo mtsogoleri aliyense wa SADC akufotokozera anthu wamba chimene chinalakwika.

Sindikunena kuti mtendere wokambirana ndi wosatheka, chifukwa ife a m'malire tinauona ukugwira ntchito. Amene tinakulira m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pamene msewu womwewo ndiwo malire, tikukumbukira zisakasa za udzu za anthu a ku Mozambique zitadzaza mbali ya kuno, mizere ya amayi odikira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, ndi masitolo ogumuka a tsidya linalo, opanda madenga, makoma ake ali ndi zibowo za zipolopolo. Malawi anasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Zokambirana zinayamba ku Rome mu Julayi 1990, pansi pa gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndipo zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, pabwalo limodzi, ndi amkhalapakati omwewo kuyambira poyamba mpaka a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama atasayinira pa 4 Okutobala 1992. Panthawiyi n'kuti othandiza akunja atasiya: ulamuliro wa tsankho ku South Africa unali kutha, mkangano wa America ndi Soviet Union unali utatha, ndipo chilala cha 1992 chinasiya mbali zonse zopanda chodyetsa asilikali. Pangano litasayinidwa ntchito siinathere pomwepo. Asilikali otula zida analandira ndalama kwa zaka pafupifupi ziwiri kuti ayambe moyo wina, Renamo inathandizidwa kusanduka chipani, ndipo m'malo mogawiridwa mipando inakapikisana pa chisankho cha Okutobala 1994. Mtendere umenewo unali ndi ming'alu yake, pakuti mfuti zinaliranso ku Gorongosa mu 2013 mpaka panafunika pangano lina mu 2019, koma alendo athu aja anabwerera kwawo, ndipo pamene panali zisakasa lero pali minda ya mbatata ndi kabichi.

Zimene zinalipo ku Mozambique ndi zomwe zikusowa ku Congo: wothandiza wakunja amene wasiyadi, bwalo limodzi lopirira, ndi ndalama zotsatira pangano mpaka msilikali womaliza atafika kumudzi. Zina mwa izi zinabwera ndi nyengo, koma zina zili m'manja mwanu.

Ku Dzaleka, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, tsopano kuli anthu opitirira 50,000, ndipo ambiri ndi ochokera ku Congo. Pa msika wa Lachiwiri pamenepo ndinacheza ndi mayi wina wa ku South Kivu amene amagulitsa tomato ndi mafuta oyezera m'timabotolo, ana ake obadwira mumsasa akuyankhula Chichewa ngati a ku Dowa konkuno. Mayiyu sankadziwa kusiyana kwa Luanda ndi Doha, ndipo sizinkamukhudza. Chimene ankafuna kudziwa ndi chakuti ndani akulima munda wa malemu mwamuna wake, ndiponso ngati mkulu wa asilikali amene anatsogolera kuwotcha mudzi wawo akadali m'deralo, popeza anamva kuti anapatsidwa udindo. Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene angamuchititse kukwera basi kubwerera kwawo kapena kukhala, ndipo palibe pangano ngakhale limodzi mwa onse ndatchula aja limene linakonzedwa kuti liwayankhe.

Pempho langa, olemekezeka, ndi lakuti muleke kuyesa kupambana kwanu ndi tsiku losayinira. Gwirizanani bwalo limodzi ndipo mukane kuti aliyense azisamuka nalo mlandu akaona kuti zamuthina. Lembani m'pangano momwemo chilango chimene wophwanya adzalandire, kaya ndi Kigali, kaya ndi Kinshasa, kaya ndi Kampala, ndipo chilangocho chiyambe ndi inu eni, osadikira Brussels kapena Washington. Munthu amene ali ndi mlandu wopha anthu wamba asapatsidwenso nyenyezi monga mtengo wotulira zida, ngakhale zitachedwetsa kusayinira ndi chaka chathunthu. Mafumu a Ahunde, Anande, Ahutu, Atutsi ndi Banyamulenge, amayi a m'misasa, maepiskopi ndi abusa amene akhala ndi anthuwa nthawi yonseyi, akhale ndi mpando ndi mawu pa nkhani ya malo ndi unzika, ndipo ndalama za ntchito imeneyi zipezeke pangano lisanasayinidwe.

Kwa boma la dziko langa ndi kwa likulu la SADC ku Gaborone ndili ndi pempho lapadera. Tulutsani lipoti lonena za SAMIDRC, lofotokoza amene analamula, zida zimene zinalonjezedwa ndi zimene zinafikadi, ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndi chimene asilikali athu anauzidwa kuti akukachita, ndipo lipotilo likambidwe poyera m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mabanja a omwalirawo atapatsidwa malo oti amve. Kufikira zimenezi zitachitika, ndikupempha kuti msilikali wa Malawi asatumizidwenso ku Kivu pansi pa mbendera ya SADC.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya dziko la Malawi